Mafunso a Owerenga: Kodi mzinda wa Dar es Salaam ukulowera kuti?

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukhudza mzinda wa Dar es Salaam ku Tanzania, umene ambiri a ife timangoutchula kuti Dar. Mzindawu uli kunja kwa dziko lathu, komabe mafuta ambiri a galimoto, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan ndiponso katundu wochuluka wa m'misika yathu amadzera kumeneko. Makalata ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wochita geni ku Mzuzu, ndipo ndimakapikula zitenje, nsapato ndi ziwiya zapulasitiki ku msika wa Kariakoo ku Dar. Ulendo uliwonse ndimapeza nyumba zosanja zatsopano, misewu yodutsa m'mwamba komanso anthu ochuluka kuposa kale. Koma ndinamva kuti boma la Tanzania linasamukira ku Dodoma. Nanga chikukulitsa mzindawu n'chiyani pamene boma linachokamo? Ndine mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

YANKHO: Mayi, zimene munamvazo n'zoona. Ganizo losamutsa likulu linapangidwa mu 1973, nthawi ya Julius Nyerere, koma linakhala papepala zaka zambiri mpaka pamene John Magufuli analamula maunduna kuti asamuke kuyambira mu 2016, ndipo nyumba yatsopano ya boma ku Chamwino, pafupi ndi Dodoma, inatsegulidwa mu 2023. Chimene sichikanatheka kusamutsa ndi nyanja. Mzindawu unayamba m'zaka za m'ma 1860 pamene Sultan Majid wa ku Zanzibar anasankha malowa chifukwa cha doko lake lobisika bwino ku mafunde, Ajeremani anausandutsa likulu lawo mu 1891 pa chifukwa chomwecho, ndipo mpaka lero dokolo ndilo likudyetsa mzinda. Pafupifupi katundu yense amene Tanzania imagula kapena kugulitsa kunja kudzera panyanja amadutsa pamenepo, kuphatikizapo katundu wa Zambia, Malawi, Rwanda, Burundi ndi kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Kontena iliyonse ikatsika m'sitima imasiya ndalama mumzindamo: kwa ejenti wokonza zikalata zapakasitomu, kwa mwini malo osungirako katundu, kwa dalaivala, kwa makaniko, kwa mwini nyumba yogona alendo, kufikira kwa mayi wophika chakudya kunja kwa geti la doko. Nduna ikasamuka imapita ndi antchito a m'maofesi ake okha, koma mabanki, makampani ainshuwalansi, mafakitale ndi eni malonda akuluakulu amatsala pamene pali katundu.

Msika wa Kariakoo umene mumapitako ndi umboni wapafupi. Mukaima pa mphambano iliyonse m'mawa, mumamva Chiswahili chitasakanikirana ndi Chibemba, Chilingala, Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo mumaona anyamata akumanga mitolo ikuluikulu m'masaka, n'kulembapo ndi inki dzina la mwini katundu ndi tauni imene mtolowo ukupita, kaya ndi Lubumbashi, Nakonde kapena Karonga. Wamalonda wa pansi pa nyumba yosanja amagulitsa, m'zipinda zam'mwamba muli mosungira katundu, ndipo lendi ya kashopu kakang'ono ndi yokwera kwambiri moti eni malo amagumula nyumba zakale n'kumanga zazitali. Inuyo mukalipira mtolo wanu wa zitenje, dziwani kuti mwaikapo njerwa pa nyumba zimene mukuzionazo. Mphamvu ya amalondawa inaonekera mu May 2023 pamene anatseka mashopu podandaula za misonkho ndi machitidwe a otolera msonkho, ndipo nduna yaikulu ya dzikolo inachita kupita yokha kukakambirana nawo.

Chachiwiri ndi ndalama zambiri zimene boma lathira pa zomangamanga m'zaka khumi zapitazi. Mlatho wa Nyerere wopita ku Kigamboni unatsegulidwa mu 2016, chaka chomwe mabasi oyenda mumsewu wawowawo anayamba kunyamula anthu kuchokera ku Kimara kufika ku Kivukoni. Msewu wam'mwamba wa Mfugale unatha mu 2018, nyumba yachitatu ya bwalo la ndege mu 2019, mphambano yosanja ya ku Ubungo mu 2021, ndipo mlatho wa Tanzanite mu 2022. Pa zonsezi, chimene ine ndikuona kuti chidzasintha kwambiri tsogolo la mzindawu ndi magetsi. Kuwonjezera pa gasi wochokera ku Mtwara ndi ku Songo Songo amene amayendetsa makina a magetsi ku Kinyerezi ndi ku Ubungo, damu la Julius Nyerere pa mtsinje wa Rufiji, lopangidwa kuti lizitulutsa mamegawati 2,115, linayamba kupereka magetsi mu 2024. Ife amene timadziwa mmene kuzimazima kwa magetsi kumaphera chigayo ndi malo owotcherera zitsulo sitingavutike kumvetsa chifukwa chake mwini fakitale angasankhe kumanga pafupi ndi doko lokhala ndi magetsi okwanira.

FUNSO: Bambo Mkonzi, ndimaitanitsa magalimoto kuchokera ku Japan kudzera ku Dar. Tinauzidwa kuti kampani ya ku Dubai ikayamba kuyendetsa doko zinthu zidzafulumira ndipo mitengo idzatsika. Kodi doko linagulitsidwadi? Ndipo n'chifukwa chiyani galimoto ikafika ku Lilongwe imakhalabe yodula chonchi? Ndine wowerenga wanu wa ku Biwi, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, doko silinagulitsidwe, likadali m'manja mwa bungwe la boma la Tanzania Ports Authority, koma mbali zake zinabwerekedwa kwa nthawi yaitali. Mu October 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 30 ndi kampani ya DP World ya ku Dubai, imene inalonjeza kuthira madola 250 miliyoni m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo mu 2024 kampani ya Adani ya ku India inatenga malo ena otsitsirapo makontena, nayonso kwa zaka 30. Nkhani ya DP World inautsa mkangano waukulu m'dzikomo. Maloya, andale otsutsa ndi mabishopu a Katolika anadandaula kuti mgwirizano woyamba pakati pa Tanzania ndi Dubai, umene nyumba ya malamulo inavomereza mu June 2023, unkapereka mphamvu zambiri kwa alendo, ndipo anthu ena amene anautsutsa poyera anamangidwa. Maganizo anga ndi akuti madandaulowo anali ndi maziko, pakuti chuma chachikulu chotere sichiyenera kubwerekedwa eni dziko asanaone bwino zimene zalembedwa. Komabe n'zoonanso kuti dokolo linkafunika makina ndi kayendetsedwe katsopano, chifukwa sitima zinkaima masiku ambiri panyanja kudikira malo, ndipo chindapusa cha kuchedwako chinkagwera wogula wotsiriza, amene ndi inu ndi ine.

Makampaniwa asanabwere n'komwe, ntchito ina yaikulu inali itayamba kale. Mu 2017 World Bank inavomereza ngongole ya madola 345 miliyoni yokuzira dokoli: kukumba pansi pa madzi kuti sitima zikuluzikulu zizitha kukocheza, kulimbitsa malo asanu ndi awiri okochezapo, ndiponso kumanga malo apadera otsitsirapo magalimoto ku Gerezani. Galimoto zanu zimatsikira pamalo amenewo.

Tsono chifukwa chiyani mtengo sukutsika? Chifukwa doko ndi gawo laling'ono chabe la ulendo. Galimoto ikatuluka pa geti imayenda makilomita oposa 900 kuti ifike pa chipata cha Kasumulu ndi Songwe, kudzera ku Chalinze, Morogoro, nkhalango ya Mikumi kumene liwiro n'lochepetsedwa chifukwa cha nyama, phiri la Kitonga kumene mathiraki amakwera mondondozana ngakhale kwa maola, kenako Iringa, Makambako, Uyole ndi Tukuyu. Ikawoloka Songwe yatsala ndi makilomita ena oposa 600, kuphatikizapo chikweza cha Chiweta. Pamwamba pa mafuta ndi malipiro a dalaivala pali msonkho wathu womwe wapakasitomu, ndipo choposa zonse pali kusowa kwa ndalama zakunja kuno kwathu, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Zimenezi DP World singazikonze.

Chimene chikanatsitsadi mtengo wa katundu wolemera ndi njanji, ndipo apa ndi pamene tiyenera kuyang'anitsitsa. Njanji yatsopano yamagetsi imene inayamba kunyamula anthu mu 2024 kuchokera ku Dar kufika ku Morogoro ndi Dodoma ndi yokongola ndithu, koma ikulowera ku Mwanza ndi ku Kigoma, kutanthauza kuti idzathandiza Burundi, Rwanda ndi Congo, osati ife. Njanji ya mbali yathu ndi TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar kufika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975 pofuna kuti mkuwa wa Zambia usamadzere ku Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamula katundu wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene inapangidwira, chifukwa cha kutha kwa njanji, kusowa kwa mainjini ndi ngongole. Mu 2025 Tanzania ndi Zambia zinasainirana mgwirizano ndi kampani ya ku China ya CCECC woti ikonze ndi kuyendetsa njanjiyi kwa zaka 30 pa ndalama pafupifupi madola 1.4 biliyoni. Ntchitoyi ikatheka, Malawi ingapindule kudzera ku Mbeya, kumene ili ndi malo ake otsitsirapo katundu ndi mafuta a Malawi Cargo Centre, chifukwa thiraki ikatenga katundu ku Mbeya m'malo mwa ku Dar yadula makilomita oposa 800 a pamsewu.

FUNSO: Akonzi, ndinawerenga pa intaneti kuti Dar es Salaam idzakhala pakati pa mizinda ikuluikulu kwambiri padziko lonse pofika kumapeto kwa zaka zana zino. Kodi zimenezi n'zotheka, ndipo kodi ndi nkhani yabwino kwa anthu okhala kumeneko? Ndine mtsikana wophunzira za chuma ku Zomba.

YANKHO: Chemwali, maulosi oterewa amachita kutenga liwiro la kukula kwa zaka zingapo n'kulitambasula kwa zaka 80 ngati kuti palibe chidzasinthe, choncho muziwawerenga mosamala. Kalembera wa dzikolo akutiuza zodalirika kuposa pamenepo. Mu 2002 chigawo cha Dar es Salaam chinali ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, mu 2012 anali pafupifupi 4.4 miliyoni, ndipo mu 2022 anali pafupifupi 5.4 miliyoni. Mukuona kuti m'zaka khumi zoyambazo munawonjezeka anthu ochuluka kuposa m'zaka khumi zotsatira. Izi sizikutanthauza kuti anthu aleka kukhamukirako. Chigawo cha Pwani, chimene chazungulira mzindawu, chinachoka pa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni kufika pa 2 miliyoni pakati pa 2012 ndi 2022, kusonyeza kuti mzinda wasefukira kunja kwa malire ake, kulowera ku Kibaha, Mkuranga ndi Bagamoyo, kumene malo n'ngotchipa ndiponso kumene mafakitale ambiri atsopano akumangidwa. Kuti anthu a dera lonseli adzapitirira 10 miliyoni inu mukadali pa ntchito, zimenezo sindikukayika.

Funso lanu lachiwiri ndilo lolemera, ndipo ndilo limandidetsa nkhawa. Mzindawu uli ngati nyumba imene mwini wake wakonza khomo lokongola la alendo pamene denga la kuchipinda kwa ana likudontha. Doko, milatho ndi njanji zapita patsogolo, koma anthu ambiri, mwina asanu ndi awiri mwa khumi alionse monga amanenera akatswiri a mapulani a mizinda, amakhala m'madera amene anamangidwa popanda pulani, monga Tandale, Manzese, Vingunguti ndi mbali zambiri za Mbagala. M'madera otere nyumba zimayamba, msewu n'kubwera pambuyo, ndipo ngalande ndi mipope ya zonyansa nthawi zambiri sizibwera n'komwe. Mvula ikagwa mwamphamvu mtsinje wa Msimbazi umasefukira pa Jangwani, n'kudula msewu waukulu wa Morogoro umene mabasi ofulumira aja amadzera, moti munthu wa ku Kimara amalephera kufika kuntchito tsiku limenelo. Mu December 2011 madzi osefukira anapha anthu ambiri m'chigwachi ndi kugwetsa nyumba. Mu 2022 World Bank inavomereza madola 200 miliyoni okonzera chigwa cha Msimbazi, koma ntchito yotere imafuna kusamutsa mabanja amene anakhazikika m'mphepete mwa mtsinje chifukwa ndi pokhapo pamene akanatha kulipira pafupi ndi ntchito zawo, ndipo kuwasamutsira kutali popanda mabasi ndi kuwalanda chakudya pakamwa.

Chodabwitsa n'chakuti mzinda wovutika ndi madzi osefukira umavutikanso ndi ludzu. Madzi ambiri akumwa amachokera ku mtsinje umodzi wa Ruvu, ndipo mvula itachedwa mu 2021 ndi mu 2022 madzi ankaperekedwa mosinthana madera, anthu n'kumagula zigubu kwa anyamata a ngolo pa mtengo wokwera. Damu la Kidunda likumangidwa kuti lizisunga madzi a mtsinjewu. Onjezanipo ngozi ya pa 16 November 2024, pamene nyumba yosanja inagwa ku Kariakoo n'kupha anthu, zimene zinaonetsa kuti liwiro lomanga laposa liwiro loyendera ndi kuvomereza zomangazo.

Monga wophunzira za chuma, muziyang'ananso mtundu wa ntchito zimene mzindawu ukubala. Mizinda ya ku Asia imene inalemera inakula pamodzi ndi mafakitale olemba anthu zikwizikwi pa malipiro okhazikika. Ku Dar mafakitale alipo ndithu, a ufa wa tirigu, zakumwa, simenti, zitsulo ndi mapulasitiki, ndipo kampani ya Bakhresa, imene ili ndi chigayo cha tirigu ngakhale kuno ku Limbe, inakulira komweko. Koma achinyamata ambiri amapeza chakudya poyendetsa njinga zamoto zonyamula anthu, kugulitsa malonda m'manja m'mphepete mwa msewu kapena kunyamula katundu, ntchito zopanda penshoni ndiponso zopanda chitetezo. Doko lamakono limagwiritsa ntchito makina ambiri ndi anthu ochepa, choncho silingameze khamu lonseli. Mzindawu udzakhala wolemera, osati waukulu chabe, pokhapokha ngati katundu wochuluka wotuluka pa dokolo adzakhala wopangidwa momwemo, m'malo mwa mkuwa wa ku Zambia ndi ku Congo umene umangodutsa.

FUNSO: Akonzi, ndinamaliza Fomu 4 koma ntchito sindikuipeza. Anzanga akundiuza kuti tipite ku Dar tikayambe kabizinesi kokonza mafoni. Kodi ndipite? Ndine mnyamata wa ku Karonga.

YANKHO: Achimwene, ndikumvetsa kuwawa kwa kukhala pakhomo opanda chochita, koma ndikupemphani kuti musapite ndi cholinga chimenecho. Mmalawi amaloledwa kulowa m'Tanzania popanda viza kukacheza kapena kukagula katundu, koma kugwira ntchito kapena kutsegula bizinesi kumafuna chilolezo china. Kuwonjezera apo, mu July 2025 boma la Tanzania linaletsa anthu akunja kuchita mitundu 15 ya mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo kukonza mafoni, kumeta ndi kukonza tsitsi komanso kutumiza ndalama pafoni zili m'gulu limenelo. Mwayi wanu weniweni uli pamene muli. Karonga ili pa msewu umene katundu yense wa ku Dar amadzera, ndipo munthu wodziwa Chiswahili, wodziwa kukonza zikalata zapakasitomu kapena mainjini a dizilo, amafunika pa Songwe pomwepo. Zipangizo za mafonizo mungathe kukazigula ku Kariakoo mwalamulo n'kudzakonzera kwanu.

FUNSO: Bambo Mkonzi, madoko a Nacala ndi Beira ali pafupi ndi ife kuposa Dar. Bwanji dziko lathu silingosiya njira yakumpotoyi, makamaka poona mikangano ndi zipolowe za posachedwapa? Ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Aphunzitsi, pa nkhani ya mtunda mukunena zoona. Njanji ya ku Nacala imafika ku Blantyre pa makilomita pafupifupi 800, pamene kuchokera ku Dar kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 1,500, ndipo mafuta kapena feteleza wobwera pa njanji ayenera kutchipa kuposa wobwera pa matayala. Zifukwa zanu zodera nkhawa ndi zomvekanso. Mu April 2025 Tanzania inatseka malire ake ku zokolola za ku Malawi pobwezera chiletso chimene boma lathu linaika pa katundu wina wochokera kunja, ndipo amayi a geni anaona nthochi ndi tomato zikuwolera pa chipata. Tanzania inachotsa chiletso chakecho patapita masiku ochepa, ndipo maboma awiriwa anagwirizana kumayambiriro kwa May. Kenako zipolowe zimene zinabuka pa chisankho cha pa 29 October 2025 zinaphetsa anthu, mzinda wa Dar unaikidwa pa lamulo loletsa kuyenda usiku, intaneti inatsekedwa, ndipo mathiraki anaima masiku angapo pa nthawi imene mizere ya mafuta kuno inali kale yaitali. Zimenezi zinavulaza mbiri imene Tanzania inali nayo kwa zaka zambiri monga dziko labata, ndipo mbiri imeneyo ndiyo inali chuma chachikulu cha dokoli kuposa makina onse. Atsogoleri a dzikolo akapanda kuchiza balalo, eni katundu adzayang'ana ku Mombasa, ku Walvis Bay, ku Durban kapena ku njanji ya Lobito ku Angola, imene America ndi mayiko a ku Ulaya akuithandiza pofuna mkuwa womwewo umene Dar imadalira.

Koma inu ndi a msinkhu wokumbukira chimene chinatipititsa kumpoto. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu anayamba kuzungulira ku Durban pa mtengo woopsa, ndipo m'pamene msewu wa Karonga kupita ku Songwe unakonzedwa ndi malo a Malawi Cargo Centre kukhazikitsidwa ku Dar ndi ku Mbeya. Mavuto a njira zakum'mawa sanathe ndi nkhondoyo. Namondwe wa Idai anasakaza Beira mu March 2019, ndipo zionetsero zotsatira chisankho cha ku Mozambique kumapeto kwa 2024 zinasokoneza mathankala athu chimodzimodzi. M'zaka ziwiri zotsatizana, njira zonse ziwiri zinatsekekapo chifukwa cha ndale za eni ake.

Choncho sindikuvomereza zosiya Dar. Kwa anthu a ku Chitipa, Karonga, Rumphi ndi Mzuzu, njira yakumpoto ndi yachibadwa, ndipo sitima zambiri zochokera ku Asia zimakocheza ku Dar kawirikawiri kuposa ku Nacala, chimene n'chofunika kwa wamalonda amene sangadikire mwezi wathunthu kuti kontena yake inyamulidwe. Katundu wolemera wa chigawo chakummwera ndi chapakati, monga mafuta, feteleza, simenti ndi shuga, ayenera kupita ku njanji ya Nacala mochuluka mmene ingathere. Pa mbali yakumpoto, ntchito imene ili m'manja mwathu ndi yodziwika: kumaliza kukonza msewu wa M1 ndi chikweza cha Chiweta, kuchepetsa maola amene thiraki imataya pa Songwe mwa kuonetsetsa kuti zikalata zikuonedwa kamodzi m'malo mwa kawiri, kusunga mafuta okwanira m'nkhokwe za boma ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, ndiponso kukambirana ndi oyendetsa TAZARA panopa, mitengo isanakhazikitsidwe, za mabogi angati amene azidzatsala ku Mbeya ndi katundu wa Malawi.